Ndinakwera Minibasi ya ku Limbe

Okondedwa Amalume,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi ana. Kuno ku Nazombe tikudzuka, koma pakhomo pali zii chimwalirireni amayi.

Pali chimene ndinalephera kukuuzani pafoni. Mukudziwa mmene ndinkalalatira kuti boma lichotse ziletso za maulendo, ife omaliza sukulu tisakalambe ndi madigiri m'sutikesi. Atandiitana ku intavyu ku Limbe, amayi anandiletsa. Anati, "Iwe Dalitso, ntchito sithawa, dikira koronayu adutse." Ndinawayankha kuti ndatopa nako kudikira. Ndinakwera minibasi pa Migowi, titathinana anayi pampando, kondakitala akundiseka kuti masikiyo ndavalira kuti ndioneke dokotala.

Nditabwerako ndinatsokomola masiku atatu. Amayi ndiwo ankandifunditsa bulangete pa nthunzi ya masamba a bulugamu. Ine ndinachira, iwo n'kuyamba. Anawaika achipatala, azimayi osawasambitsa, inu mwinimbumba osaponyako ndi dothi lomwe.

Dzulo pamsika anthu amakangana za ziletso zomwezi. Mayi wina wogulitsa nandolo anati, "Atsegule basi, njala siimva masiki." Kenako anandikodola: "Ophunzira inu, lankhulanitu, paja nkhaniyi ndi yanu." Ndinangochokapo.

Tsopano a ku Limbe aja andiitananso Lolemba, ndipo m'nyumba muno ndatsala ndi abambo, amene ali ndi matenda a shuga. Sindinama, amalume, ntchitoyo ndikuifunabe. Koma ndekha sindingathenso kusankha. Mundiimbire lisanafike Lamulungu, mundiuze ngati ndipite.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Dalitso