Akuti Sabinka Sanaone Mwendo wa Tebulo

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 32, wa mtundu wa Chiromani ngati inu nomwe, ndipo ndimagwira ntchito yochapa kunyumba yosungirako okalamba kuno ku Prešov. M'chikwama mwanga muli fomu yovomereza kuti mwana wanga apite kusukulu yapadera, imene akuti ndikasayine Lachisanu likubwerali. Ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopindamo, koma dzanja likukana.

Nkhani ndi ya mwana wanga wamkazi, Sabinka, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Mwezi watha asukulu anatitumiza kwa mayi wina woyesa nzeru za ana asanayambe kalasi yoyamba. Ndinamusambitsa, ndinamuluka tsitsi, ndinamuuza kuti azikayankha zoona zokhazokha. Analowa yekha, ine n'kutsala pabenchi. Atatuluka, mayiwo anandimwetulira n'kunena kuti, "Mwana wanu ndi wokongola, mayi, ndipo ndikudziwa kuti amavina bwino. Koma sukulu wamba imulemera. Kusukulu yapadera akasangalala, anzake onse ali komweko." Aphungu, Sabinka sanavine m'chipindamo. Ndinamufunsa.

Tili m'basi anandifotokozera zonse. Akuti anamuonetsa chithunzi cha khitchini n'kumufunsa kuti cholakwika n'chiyani. Iye anayankha kuti galu wagona pafupi ndi mbale, komanso mayi wa pachithunzipo wayanika masokosi pamodzi ndi kansalu kopukutira mbale. Woyesa uja anati, "China?" Iye anati, "Asadzatiitane kukadya." Papepala alemba kuti mwana sanazindikire kuti tebulo lili ndi miyendo itatu. Nditamufunsa za tebulolo anandiyang'ana ngati wofunika kuyesedwa ndine. "Ndinaliona, amayi. La amalume a Koloman lilinso choncho, koma timadyerapo. Galuyo ndiye vuto."

Kenaka anamupatsa timakadi ta zithunzi kuti aike zofanana pamodzi. Iwo amafuna milu iwiri, ziwiya uku, zovala uku. Sabinka anapanga milu inayi. Ziwiya pazokha, malaya a abambo paokha, masiketi ndi masokosi kutali, thawulo lakumaso palokha. Atamufunsa chifukwa chake akuti anati, "Malaya a abambo sachapidwa ndi siketi. Mukufuna agogo akomoke?" Alemba kuti satha kusanja zinthu. Mwana ameneyu wakhala akundithandiza kusanja zochapa kuyambira ali ndi zaka zinayi, ndipo beseni lililonse la m'nyumba mwathu amalidziwa ntchito yake.

Kunyumba ndilibe wondiimira kumbuyo. Apongozi anga, mayi Aranka, akuti ndisayine basi. "Ana a mchimwene wako Koloman onse ali komweko, amabwerako akuseka. Iwe ukufuna kukamuponya kwa magajo, anthu osakhala a mtundu wathu aja, kumene Mromani akakhale iye yekha. Akamukhazika kumbuyo. Cholembera cha wina chikasowa, chikwama choyamba kusecha ndi chake. Mwana azilira tsiku ndi tsiku chifukwa cha matama ako?" Amuna anga, a Dezider, amangoti, "Zimene mugwirizane awirinu, ine ndili pomwepo," n'kutuluka kukasuta fodya. Sabinka nayenso akufuna kumene kuli asuweni ake.

Apongozi sakunama, ndipo n'zimene zikundipweteka. Ine ndinaphunzira kusukulu yapaderayo. Amayi anga anasayina atauzidwa kuti kumeneko ana amadya bwino masana. Tinkadyadi bwino. Tinkajambula, kuimba ndi kuluka, ndipo palibe anandinyozapo. Ine ndinkafuna unamwino. Nditakula ndinapita kukafunsa malo kusukulu ya anamwino, mlembi anangoona dzina la sukulu pasatifiketi n'kundibwezera ndi zala ziwiri. Lero mayunifolomu a anamwino ndimachapa ndine.

Sabata yatha pa TV tinaona bambo wina wofuna ukhansala ataima pamsewu wamatope, akunena kuti ana a Matsigani, monga amatitchulira monyoza, amabweza anzawo m'mbuyo m'kalasi. Ahedi a sukulu wamba akuti makolo ena ayamba kale kufunsa kuti chaka chino ana a Chiromani abwera angati. Ndikakana kusayina, sindiye kuti ndikumuika mwana m'kamwa mwa anthu amenewa? Nanga ndikasayina, ndidzamuyankha chiyani akadzafika msinkhu wangawu? Ndithandizeni.

J. M., Prešov

Mayi a Sabinka,

Ndawerenga kalata yanu ndipo mwana wanu wandikhumudwitsa kwambiri. Munthu wamkulu, wa mapepala ake, wakhala pansi kujambula tebulo lothyoka mwendo, ndiye kamwana ka zaka zisanu ndi chimodzi kabwere kudzayendera ukhondo wa m'khitchini? N'kukaniratu chakudya asanakaitane n'komwe? Ulemu unapita kuti? Mukamuuze kuti ine ndinatha zaka zisanu ku yunivesite, ndipo yankho loposa limenelo sindinalimvepo kwa pulofesa aliyense.

Musasayine. Ndayamba ndi zimenezi kuti ngati mphika ukupserera, muthamange mutamva kale chachikulu.

Mayeso aja anafuna kudziwa ngati Sabinka anakulira m'nyumba yonga ya mayi woyesayo. Anapeza kuti ayi, ndipo izi mukanawauza nokha mutakhala pabenchi paja. Tandiuzani, kuntchito kwanuko mumachapa tinsalu ta kukhitchini pamodzi ndi zovala zamkati za okalamba? Ndikudziwa kuti pakhoma pali pepala lodindidwa bwino, lotchedwa malamulo a ukhondo, loletsa zimenezo. Zikalembedwa ndi magajo n'kumatidwa pakhoma ndi malamulo. Zikachitidwa ndi mwana wa Chiromani ndi kuchepa nzeru. Ndipo anthu omwewa, amene ena a iwo amafunda bulangete limodzi ndi galu, ndi amene amatilengeza kuti ndife auve.

Msewu wamatope munauona pa TV uja ndimaudziwa. Chisankho chilichonse umaonekera. Ukanakhala munthu, bwenzi pano uli nduna. Sadzauthira phula, chifukwa akathira, wofuna ukhansala adzaima pati? Inenso anandiitanapo ku TV kuti ndikalankhule za maphunziro. Mtsikana wokonza pulogalamu anandiyang'ana kuyambira kumagalasi mpaka kunsapato, n'kufunsa ngati ndilibe siketi yamaluwa ndi ndolo zikuluzikulu, akuti oonera asokonezeka. Ndinamuuza kuti asokonezeke, zimawachitira bwino. Ndiye bambo wa pamatopeyo musamulole kusankhira mwana wanu sukulu. Dzina la Sabinka salidziwa, ndipo chisankho chikatha sadzakumbuka kuti ananena chiyani.

Lachisanu mupite, musajombe, angalembe kuti mayi wathawa. Munene mofatsa kuti simukuvomereza. Dzina lanu pafomuyo akulifuna, n'chifukwa chake akukumwetulirani chonchi. Pemphani kuti akupatseni zotsatira zonse zolembedwa, funso lililonse ndi yankho limene mwana anapereka. Pemphaninso kuti ayesedwe kachiwiri ndi munthu wina, pali wothandizira wolankhula Chiromani. Pempholi mulembe pamapepala awiri, limodzi musiye, linalo adinde mubwere nalo. Zapakamwa zimauluka ofesi ikangotsekedwa.

Musapite nokha. A Dezider azimitse fodya, avale malaya awo aja amachapidwa paokha, akakhale pambali panu. Akuti ali pomwepo, ndiye pomwepo pake ndi pampando wa mu ofesi ya ahedi. Ndipo ngakhale magazi awire bwanji, musakweze mawu. Mayi wa Chiromani akangokweza mawu, nkhani ya mwana imathera pomwepo, imatsala ndi ya mawu akewo.

Koma ndisakunamizeni. Apongozi anu akunena zimene anaona ndi maso. Chikwama chija adzachisecha. Changa anachisecha ndili kalasi yachitatu, chifukwa cha labala amene anapezeka m'thumba la mwini wake. Bambo anga ankaumba njerwa ndipo sankatha kuwerenga. Tsiku lotsatira anabwera n'kuima pakhomo la kalasi, chipewa m'manja, mpaka aphunzitsi anapepesa ana onse akumva. Ndinalira kambiri chaka chimenecho. Koma kalata yanuyi ndikuiyankha ndi zilembo zimene ndinaphunzira m'kalasi yomweyo. Inu kusukulu kwanu simunalire, mukulira pano, ndipo nokha mukudziwa kulira kumene kumatha msanga.

Ndi mayi Aranka musakangane, simungapambane, palibe anapambanapo. Muwakhazike pansi, muwathirire khofi m'kapu yawo, muwawerengere zimene alemba papepalapo. Muwauze kuti mdzukulu wawo wagwa mayeso chifukwa chosunga zimene anamuphunzitsa iwo, ndipo munthu wina walemba ndi kudinda kuti zimenezo ndi kupusa. Mudzaona akumanga mpango inu musanamalize. Mukatero muwapatse ntchito yokamutenga mwana akaweruka. Agogo a Chiromani ataima pageti tsiku lililonse, manja m'chiuno, amaphunzitsa makolo ena ulemu mwachangu kuposa msonkhano uliwonse. Asuweni adzasewera nawo akabwera kusukulu. Mwana wa msinkhu umenewu amasankha mpando wa pawindo m'basi, sukulu mumasankha ndinu.

Sabinka mumuuze kuti sanalakwe. Mungomuphunzitsa kachenjerero kamodzi: akadzamuonetsanso chithunzi chija, ayambe watchula mwendo wa tebulo, poti eni akewo ndi umene amatha kuona, kenaka abwere kwa galu. Musayerekeze kumuphunzitsa kuti galuyo analibe vuto. Akangoyamba kuchita manyazi ndi mabeseni a agogo ake, mayi woyesa uja wapambana popanda siginecha yanu. Muziwerenga naye mabuku a Chisilovaki tsiku ndi tsiku, inu tsamba, iye tsamba. Ndipo woyesa wachiwiri akapeza pena pamene akufunikadi thandizo, mulilandire ndi manja awiri, koma alilandirire m'kalasi wamba, pampando wakutsogolo. Inunso mufunse za maphunziro a akuluakulu. Zaka 32 si ukalamba, okalamba mumawaona nokha kuntchito.

Chenjezo langa ndi ili. Lachisanu sadzakukalipirani. Adzakupatsani mpando wofewa, adzayamikira tsitsi la mwana, adzati ndi chaka chimodzi chokha choyeserera. Amayi anu anawauza za chakudya chamasana, inu adzakupezerani china chokoma. Cholembera chanu muchisiye kunyumba. Akaona kuti mulibe, adzakubwerekani chawo. Munakulira m'nyumba imene munaphunzira kusagwira chinthu chimene simukudziwa kumene chadutsa. Cholembera chimenecho inu mukudziwa kumene chadutsa, chinadutsa pa inu tsiku limene amayi anu anasayina. Manja akhale pamiyendo.

Aphungu