Dzanja Lamanzere la Priscilla

Woodbridge, Virginia
14 Okutobala 1984

Okondedwa achemwali anga a Felistas,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, inu ndi alamu a Patson pamodzi ndi ana onse kumeneko ku Ntcheu. Kodi chifuwa chija chimene fumbi la choko limakuyambitsani chaka ndi chaka chinakusiyani? Nanga amayi, bondo lija likuwalola kufika kutchalitchi kapena akungopempherera pakhonde? Kuno tilipo. Palibe akudwala, kungoti ine kutopa kwandilowa m'mafupa, moti ngakhale Lamulungu ndimadzuka ngati ndachokera kolima.

Kalatayi sindinaiponye ku positi. Ndapatsira Mable, mkazi wa a Greyson a ku Lanham, amene akubwera ku ukwati wa mlongo wake ku Balaka. Muli mawu amodzi m'katimu amene sindikufuna kuti awerengedwe ndi maso achilendo panjira, kuopa kuti anthu angadzakugogodereni kudzafunsa zimene simukuzidziwa. Mukatha kuwerenga muisonkhezere pamoto.

Nyumba ija tinasamukira ndi yabwino, koma ili kutali ndi ntchito. M'mawa uliwonse ndimakaima pamzere m'mbali mwa msewu, nkumadikira galimoto ya munthu wosamudziwa kuti anditenge kupita ku Washington. Ndi matola ndithu, kusiyana kwake nkwakuti salipiritsa ndipo m'galimotomo simulankhulana. Tsiku lonse ndimakhala ndikutayipa makalata a anthu ena, pobwerera msewu wadzaza, ndipo pofika pakhomo miyendo imakhala yatupa. Kuzizira kwayambanso. Alamu anu a Goodwin adokotala awaletsa mchere, ndiye anagula kabotolo kawo kamene amabisa m'galimoto, akuganiza kuti sindikudziwa.

Nkhani imene ndalembera ndi ya Priscilla, mwana amene ndinabereka ine koma munalera inu kuyambira ali kumbuyo mpaka atafika Sitandade 5. Mukudziwa kuti chibwerereni kuno wakhala mwana wa phee. Akachoka kusukulu amalowa kuchipinda nkutseka chitseko. Tikapita kumapemphero a Amalawi ku Annandale amakhala pakona, ndipo azimayi ena anayamba kunong'onezana kuti ndi wonyada. Ine ndinkadziwa kuti si kunyada, ndi kusowa kwawo. Ndinapemphera zaka zonsezi kuti apeze chinthu chimodzi chomukondweretsa. Paja amati walira mvula walira matope. Chimene wapezacho ndi mfuti.

Musadzidzimuke, achemwali. Si usilikali ndipo si ulenje. Kuno kuli makalabu ololedwa ndi boma kumene anthu, ndi atsikana omwe, amapikisana kuwombera chandamale, kapepala kojambulidwa mizere yozungulira kamene amakapachika patali. Amagona chafufumimba pamkeka, nkumalunjika pakati pa kapepalako. Mnzake wa kusukulu ndiye anamutengera kumeneko. Tsiku limenelo anabwera akulankhula, nalankhula mpaka tinatha kudya, ine ndi bambo ake tikungoyang'anana. Ndinali nditaiwala kuti akamaseka amatseka pakamwa ndi dzanja ngati inu.

Mphunzitsi wawo wa kukalabuko, mzungu wachikulire dzina lake a Stafford, anatiuza kuti mfuti za kalabu ndi zobwerekana ndiponso zakutha, ndiye ngati mwanayu akufuna kulowa mipikisano imene iyambe Khirisimasi ikapita, ayenera kukhala ndi yakeyake. Anatinso pafunika sikopu, kapaipi kokhala ndi magalasi kamene amamangirira pamwamba pa mfuti kuti chakutali chioneke pafupi. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse, tsiku lokhalo limene ndimachapa ndi kupumula, lakhala likuthera m'masitolo a mfuti.

Malo amenewo sindiwakonda. Mumanunkha mafuta, pakhoma pali mitu ya agwape, ndipo azibambo a zipewa amasiya kulankhula akaona mayi wakuda wovala duku akulowa. Alamu anu okha ndiwo amasangalala. Iwo ankafuna chimfuti chachikulu chokhoza kugwetsa njati, ati chifanane ndi gogodera ya malume awo, mpaka Priscilla anawakumbutsa kuti kukalabu amalola timfuti ta tizipolopolo tating'ono ngati mtedza. Alamu anuwo anakhumudwa njira yonse yobwerera kunyumba.

Ndaphunzira zinthu zimene sindinapemphe kuzidziwa. Ati mpope wa mfuti ukhale wolemera kuti isamagwedezeke. Ati thako lake, limene limatsamira paphewa, lilingane ndi kutalika kwa mkono wa mwini wake. Ati kachitsulo kokhethemulira kakhale kofewa. Sikopu nayonso inatizunguza. Ine nditasuzumiramo ndinangoona mdima ndi nsidze zanga, wogulitsa nkundiuza kuti diso ndaliyandikiza kwambiri. Bambo ake ankafuna yokulitsa zinthu kuposa zonse, koma mwana anakana, akuti yamphamvu kwambiri imaonetsa ndi kugunda kwa mtima komwe, kamtanda kolunjikira kamene kali m'katimo nkumavina. Tinagwirizana pa yapakatikati, ine nkupuma, kuganiza kuti tatha.

Loweruka la sabata yatha tinapita ku sitolo ina ya kufupi ndi Annandale kukasankha komaliza, ndipo a Stafford anatiperekeza. Kukalabu atsikana amawombera ambiri nthawi imodzi, ndiye a Stafford anali asanamuyang'anitsitse Priscilla pafupi. Priscilla atanyamula mfuti paphewa lamanja, anapinda khosi nadutsitsa mutu pamwamba pa thako lija kuti diso lamanzere lifike pa sikopu. A Stafford anamuuza kuti aiike pansi. Anamupempha kuti atambasule manja, asiye kabowo pakati pa zikhatho, ayang'anire wotchi ya pakhoma pakabowopo, kenaka abweretse manjawo kumaso pang'onopang'ono. Manja anabwera okha pa diso lamanzere.

Pamenepo anamufunsa kuti anabadwa wogwiritsa dzanja liti. Mwana anangoyang'ana pansi. Ndinayankha ndine, chifukwa ndikukumbukira bwino kuti chala chimene ankayamwa ali khanda chinali chamanzere, ndipo mikanda yanga ankaikoka ndi dzanja lomwelo. A Stafford anati diso lake lotsogolera ndi lamanzere, ndipo kuwombera ndi kumanja ndi kulimbana ndi thupi lake lomwe. Ndinazindikira pomwepo kumene kumachokera litsipa ndi kuwawa kwa khosi kumene ndakhala ndikumupatsira asipirini akabwera kukalabu.

Mwamwayi sitoloyo inali ndi mfuti imodzi ya anthu amanzere, yogwiritsidwapo kale koma yosamalika. Chokokera chipolopolo chili kumanzere, potsamira tsaya palinso mbali inayo. Mwini sitolo anati zoterezi sizipezekapezeka. Kuseri kwa sitoloyo kuli malo oyesera, ndiye a Stafford anamuwombetsa zipolopolo zisanu ndi mfuti ya kumanja, zisanu ndi ya kumanzere. Mapepala atabwera, azibambo a zipewa aja anasonkhana kudzaona lachiwirilo, wina mpaka anaimba mluzu. Bambo ake anayamba kugwirana chanza ndi aliyense ngati awombera ndi iwo. Priscilla anaika mfuti pansi, napukuta dzanja lamanzere pa buluku lake, nkutuluka kukakhala m'galimoto.

Ndinamutsatira. Ndinamupeza akulira, ndipo nditamufunsa anangoti, "Mom, I promised." Kenaka anayamba kufotokoza m'Chichewa, chimene sanandilankhulepo motalika chotero chibwerereni. Anandiuza za sokosi imene munkamuveka kudzanja lamanzere nthawi yakudya, ndi rula imene inkatera pa zala akaiwala nkugwira choko ndi dzanja limenelo. Izi sananene modandaula. Chimene chinamuliza ndi cha pa Chileka tsiku limene munamuperekeza. Akuti munamugwira mapewa nkumulonjezetsa zinthu zitatu: kuti azipemphera, kuti asamayankhe akuluakulu, ndi kuti asadzakuchititseni manyazi ndi dzanja lamanzere pakati pa azungu. Ine za lonjezo limeneli sindinkadziwa. Pomaliza anandifunsa ngati Amayi ayenera kuuzidwa zimene wachita. Akati Amayi amanena inu.

Achemwali, sindikukuimbani mlandu. Tonse tinakula tikudziwa kuti dzanja lodyera ndi limodzi, ndipo wolandira chinthu ndi lamanzere ndi mwana wopanda mwambo. Inu munkati m'mera mpoyamba, ndipo m'mera wake ndi uwu. Mwanayu amalemba zilembo zokongola kuposa aphunzitsi ake, amagwada popereka madzi kwa alendo, ndipo azimayi omwe aja amamunena kuti ndi wonyada amauza ana awo kuti azitengera iye. Zonsezo ndi ntchito yanu, ndipo ndidzafa ndikuthokoza.

Koma tsopano zatikanika. Ndinamuuza kuti ine amene ndinamubereka ndamulola kuwombera ndi dzanja lililonse limene Mulungu anamupatsa. Anandiyankha mwaulemu, maso ali pansi, kuti womasula ndi amene anamanga. Mawu amenewo anandilasa, sindikubisirani, chifukwa ndi oona. Bambo ake anayesa kukalipa, kenaka anayesa kumutsegulira Baibulo kufuna anthu amanzere amene Mulungu anawagwiritsa ntchito, koma sizinathandize. Priscilla akuti ndi kumanja sangapitirize tsopano popeza waona mmene zinthu ziyenera kukhalira, ndipo ndi kumanzere sangathe popeza analonjeza. Sabata ino kukalabu sanapite. Chitseko cha kuchipinda chatsekedwanso, ndipo patebulo tabwerera kumamva masipuni okha.

Mwini sitolo wavomera kutisungira mfutiyo pamodzi ndi sikopu mpaka kumapeto kwa Novembala, kenaka aigulitsa kwa wina. Mable abwerera nthawi imeneyo isanakwane. Pempho langa ndi limodzi. M'kaphukusi kamene wanyamula muli kaseti yosajambulapo kanthu ndi mabatire. Mubwereke wailesi ya kaseti ya achimwene a Fryson, mukhale pansi, mulankhule ndi mwana wanu. Kalata yokha siikwana, angaganize kuti ndakulemberani zonena. Akufunika kumva mawu anu enieni, ndi kutsokomola kwanu komwe.

Za mfuti musatchule m'kasetimo, paja idutsa m'manja ambiri pabwalo la ndege. Ingonenani za dzanja. Mumuuze kuti kudya, kupereka moni ndi kulandira zinthu azichitabe ndi lamanja monga munamuphunzitsira, koma lamanzere mwalimasula, ndipo silikukuchititsani manyazi. Musatalikitse ngati muli pa asembule, ndimakudziwani aphunzitsi inu. Mawu ochepa akwana, bola amutchule dzina lija munkamuitana nalo pakhomo.

Mwina mukana. Mwina muona kuti mwana wamkazi ndi mfuti ndi zinthu zosayenderana, ndipo inenso masiku ena ndimaganiza chomwecho ndikaima pamzere uja m'mawa. Mukakana, muuze ine kudzera mwa Mable, osati iye, ndipo ndidzapeza chomuuza. Koma ndatopa, achemwali. Ndatopa kugogoda pachitseko cha mwana wanga ngati mlendo. Milungu yochepa ija imene ankabwera akulankhula ndinalawa mmene zimakhalira kukhala ndi mwana wamkazi m'nyumba, ndipo ndikufuna zibwerere.

M'kati mwa kalatayi mupeza timapepala tiwiri topindidwa. Ndi tija Priscilla anawombera kusitolo. Anatitaya m'bini pakhomo, ine nkutitola. Pa kena mabowo amwazikana ngati pajompha nkhuku. Pa kenako zipolopolo zonse zisanu zinadutsa malo amodzi, bowo loti mukhoza kulitseka ndi nsonga ya chala chaching'ono. Sindinalembepo kuti kati ndi ka dzanja liti. Ndinu aphunzitsi, chongani nokha.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mafuta opaka pabondo ali m'kaphukusi komweko ndipo asagawireko mudzi wonse. Moni kwa alamu a Patson, kwa achimwene a Fryson ndi akazi awo, kwa azakhali a ku Tsangano, ndi kwa ana onse. Alamu anu a Goodwin akuti muli m'mapemphero awo. Priscilla sakudziwa zimene ndalembazi. Wakutumizirani mpango umene anakugulirani yekha, ndipo popereka kwa Mable anagwada, naupereka ndi dzanja lamanja, lamanzere litagwira pamkono.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Lenifa,
amene mwana wanu amamutchula kuti Mom