Akuti Zili M'magazi

Lamlungu, pa 9 Novembala

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Ine kuno ndili bwino, chimfine chija chinatha. Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Sabata ino ndakuimbirani kawiri kuti ndikuuzeni nkhaniyi, koma mukangoti "Halo mwanawe," lilime limalemera, n'kuyamba kukufunsani za mvula. Ndiye ndati bola pepala, silinditsekereza pakamwa.

Ndiyambe n'kuulula. Ndinakuuzani kuti ndimagwira ntchito kuchipatala, ndipo inu mumauza anthu choncho. Zoona zake n'zakuti ndi nyumba yosungira okalamba. Ntchito yanga ndi kuwasambitsa, kuwasintha matewera, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza pabedi. Sindinabise chifukwa chonyoza ntchitoyi ayi. Ndinabisa chifukwa inu mumandidziwa, ndipo ndinkaopa kuti mudzangoti phee pafoni, ine n'kumva zonse zimene simunanene.

Kuntchito kwathu kuli agogo ena achizungu a zaka 87, timawatchula Awotchi chifukwa moyo wawo wonse ankakonza mawotchi. Anafa ziwalo mbali yakumanzere, ndendende mmene anachitira Bambo. Agogo amenewa anakana kusamba masabata atatu. Aliyense woyandikira ndi beseni ankalandira khofi la dzanja lamoyo lija, mpaka anaswa magalasi a namwino wina. Lachisanu la sabata yapita ija, ulendo unagwera ine.

Ndinaima pakhomo ndi beseni langa, fungo la m'chipindamo likundikumbutsa kwathu. Zimene zinachitika kenako, Amayi, ine ndinkangoonerera manja anga. Ndinagogoda, ngakhale chitseko chinali chotsegula. Thaulo ndinaliyanika kaye pa paipi yotentha. Ndinagwada kuti nkhope yanga ikhale m'munsi mwa yawo, n'kunena kuti, "Agogo, ndiyamba ndi phazi lakumanja. Mukati basi, ndisiya." Ndinawafunditsa nsalu thupi lonse, n'kumavundukula pamene ndikusambitsa pokhapo. Dzanja lomenya lija ndinalipatsa kansalu konyowa kuti lipukute lokha kumaso. Linapukutadi. Titamaliza anandigwira mkono, ine n'kuti lero ndalandira langa, koma iwo anayang'anitsitsa wotchi yanga n'kuti, "Ikuchedwa ndi mphindi ziwiri." Anali mawu awo oyamba mwezi wonse.

Lolemba tinali ndi msonkhano wa antchito tonse. Abwana athu ndi mayi wachizungu, timawatchula Amakiyi chifukwa umayamba kumva makiyi a m'chiuno mwawo iwo asanatulukire. Ndinene chilungamo, ndi munthu wabwino, ndipo chipinda chimene ndikukhala chino anandipezera ndi iwo. Anandiimiritsa pamaso pa onse, nafotokoza za Awotchi, kenako anati, "Komatu ine sindikudabwa. Anthu akuda inu zimenezi munabadwa nazo. Muli ndi mtima woleza umene ife azungu tilibe. Zili m'magazi mwanu." Anthu anawomba m'manja. Ine ndinati zikomo, ndikumwetulira mpaka usinini kuonekera.

Nthawi ya tiyi nkhani inabuka. Pali mayi wina wa kochapira zovala, wakuda ngati ine, amene timamutcha Awayilesi chifukwa satseka. Ndisanakhale n'komwe anati, "Iwe, zikomo wa chiyani? Chikomekome cha mkuyu chimenecho, m'kati muli nyerere."

Adalaivala athu, bambo wofatsa amene amanyamula okalamba kupita nawo kwa dokotala, anaika kapu pansi. "Aaa, inunso mayi! Akatinyoza, mukuti tsankho. Akatiyamikira, tsankhonso? Ndiye azingotiyang'ana ngati mitengo? Mwanayu watamandidwa pagulu, musamuwawitsire tiyi."

"Watamandidwa iyeyu kapena khungu?" anatero Awayilesi. "Inetu khungu langa ndi lomweli. Tandipatsani nkhalamba ija ndi beseni, muone ngati simuitana apolisi."

Tinaseka mpaka misozi. Koma mumtima ndinali mbali ya Adalaivala. Ndinaganiza kuti Awayilesi angofuna pokandira, poti munthu wakunenera zabwino sungamutengere kubwalo.

Lachitatu anakhoma mayina a anthu opita ku maphunziro a oyang'anira magulu. Ndinali nditalembetsa kalekale, ndipo pa onse olembetsa, amene wakhalitsa pantchitoyi ndine. Dzina langa panalibe. Ndinapita ku ofesi kukafunsa mwaulemu ngati panali cholakwika. Amakiyi anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, akumwetulira, n'kuti, "Iwe sukulu ya chiyani? Akakuphunzitsa chiyani chimene ulibe kale? Kukuchotsa pambali pa bedi n'kukuika pa desiki kungakhale kuwononga mphatso." Ananena mwachikondi, Amayi, ndipo n'chimene chinandisokoneza. Mawu aja anali omwe aja a Lolemba, koma tsopano anali ataima pakhomo ngati mlonda.

M'basi pobwerera ndinkangodzifunsa kuti, ine? Kubadwa nazo ine? Inu mukudziwa. Bambo atagwa ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu. Ndinkaima pakhomo la chipinda chanu nditatseka mphuno ndi kolala ya malaya, osalowa. Mukandituma kukataya beseni ndinkanamizira homuweki. Chaka chachiwiri ndinakupemphani kuti ndikakhale kwa azakhali, ati sukulu ili pafupi. Sukulu sinali pafupi. Ndinathawa fungo, ndinathawa kubuula kwa Bambo, ndinathawa inu. Munandilongedzera chikwama osanena kanthu. Ngati kuleza mtima kuli m'magazi, ndiye kuti anga anatayikira panjira.

Ndiye manja angawa anazitenga kuti? Lachinayi ndinali pa tchuthi, ndipo ndinatenga kope n'kukhala patebulo kuti ndilembe chilichonse chimene ndinakuonani mukuchita nditaima pakhomo paja. Ndinkayesa zikhala zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Ndinayamba ndi pilo amene munkaika pakati pa mawondo awo. Kenako ndinakumbukira kuti madzi munkawayesa ndi chigongono, osati chala. Zidendene zawo munkazikhudza ndi kuseri kwa dzanja m'mawa uliwonse, n'kuziika m'malere kuti zisagunde matiresi. Powadyetsa munkakhala mbali yamoyo, osapereka supuni ina mpaka mutaona kholingo lakwera n'kutsika, ndipo akatha kudya simunkawagoneka msanga. Alendo akafunsa kuti, "Odwala agona bwanji?" munkayankha kuti, "Afunseni, alipo apa." Cholembera chinkangothamanga chokha. Nditafika pa nambala 31 ndinalemba kuti munkagogoda musanalowe. Munkagogoda pachitseko cha chipinda chanu chomwe, kwa mwamuna amene sakanatha kukuyankhani kuti lowani. Apo ndinaika cholembera pansi, ndinalira ngati mwana.

Lachisanu ndinatenga kope lija kupita nalo ku ofesi. Ndinapeza Amakiyi ali ndi anamwino aakulu, mayi wa imvi amene wagwira ntchitoyi zaka makumi atatu ndipo saseka wamba. Iwo ndi amene anayamba kuwerenga. Atafika pakati anandifunsa kuti ndinaphunzira ku koleji iti. Ndinati ndi za mayi anga, amene sukulu analekezera kalasi yachinayi. Anafunsa kuti Bambo anagona zaka zingati, ndinati zisanu ndi zinayi.

"Zilonda za pabedi anatuluka zingati?"

"Ngakhale chimodzi," ndinatero. "Osambitsa thupi lawo atamwalira anachita kudabwa, akuti khungu linali ngati la khanda."

Anamwino aja anavula magalasi. Kenako anati, "Mwanawe, ukudziwa chimene ukunena? Muno tili ndi mabedi a magetsi, ndife anthu makumi anayi olandizana, koma chaka sichitha popanda chilonda. Kuti munthu agone zaka zonsezo khungu lili bwino, ndiye kuti ankatembenuzidwa maola awiri aliwonse, usana ndi usiku, osaphonya." Anatenga pensulo n'kuwerengetsa pakona ya kope langa. Akuti munawatembenuza Bambo maulendo pafupifupi 40,000. Anatembenuza kopelo kuti ndione nambalayo, n'kunena chapansipansi kuti, "Mayi amenewo ndikanakonda kuwagwira chanza."

Amayi, ndakhala mwana wanu zaka makumi atatu ndi ziwiri, koma tsiku limenelo ndi limene ndinakuonani koyamba. Ndinamva ngati munthu amene wakulira patsinde pa phiri n'kumaliyesa chulu. Ife tinkangoti Amayi akusamala Bambo, ngati mmene timanenera kuti dzuwa latuluka.

Mphamvu zoyankhulira sindikudziwa kumene ndinazitenga. Ndinati kwa Amakiyi, "Mayi, mawu anu a Lolemba aja anali okoma, ndipo ndikudziwa kuti simunafune kundipweteka. Koma ine sindinabadwe nazo. Ine ndinathawa bambo anga ali pabedi. Zimene munaona kwa Awotchi ndi thukuta la mayi anga, ndipo mukati zili m'magazi, mwawalanda n'kupatsa khungu. Komanso chinthu chobadwa nacho sachipititsa kusukulu, n'chifukwa chake dzina langa palibe pakhoma paja."

Anafiira mpaka m'makutu. "Ine ndimati ndikukuyamikira," anatero.

"Ndikudziwa, mayi."

 Kenako Amakiyi anati malo a chaka chino anatsekedwa kale ndipo sangathe kuchotsa munthu, koma dzina langa alilemba loyamba pa gulu lotsatira. Mawu oti pepani sanatuluke. Koma anamwino aakulu atanena kuti akufuna ndiphunzitse antchito onse za m'kopemo mwezi wamawa, Amakiyi anafunsa ngati nawonso angadzakhale nawo, ati mayi awo ayamba kudwala ndipo iwo sadziwa poyambira. Ndinavomera. Za lonjezo lija, tiona likadzafika.

Ku tiyi mlandu sunathe. Adalaivala akuti tsankho ndi chidani, ndipo Amakiyi sadana ndi munthu. Awayilesi akuti khola ndi khola ngakhale ulipake utoto. Akandifunsa ine, ndimati dzina lake alipeze okha anthu ophunzira, koma chimene ndinaona n'chakuti mawu okoma anatseka chitseko bwinobwino ngati mmene akanachitira mawu oipa, ndipo ine ndinathokozako.

Tsopano pempho langa. Pali chinthu chimodzi chimene mulibe m'kopemo chifukwa sindinachione, ndinali nditapita kale. Bambo anali munthu wathupi, inu ndinu ochepa. Munkawachotsa bwanji pabedi nokha n'kuwakhazika pampando wa pakhonde uja? Mapazi munkaponda pati, manja munkagwira pati? Chonde fotokozani pang'onopang'ono, musasiye kanthu poganiza kuti n'kopanda pake. Anthu makumi anayi akudikira, ndipo ndikadzaima patsogolo pawo ndidzayamba n'kutchula dzina lanu lonse.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse, makamaka kamtsikana kaja kamene akuti kayamba kuwerenga. Azakhali muwauze kuti sindinawaiwale.

Achemwali, ndikudziwa kuti ndinu mukuwawerengera Amayi kalatayi, poti maso awo masiku ano savomera zilembo. Musadumphe ndime ino. Ine nditanyamula chikwama, inu munasiya sukulu n'kutenga beseni lija, ndipo mpaka lero simunandinenepo ngakhale mwa nthabwala. Pepani, akulu anga. Ndachedwa nawo mawu amenewa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi.

Amayi, kodi msana wanu uli bwanji? Zaka zonsezi ndakhala ndikukufunsani za mvula, za nkhuku ndi za denga, koma funso limeneli sindinakufunsenipo. Mundiyankhe zoona, musati uli bwino.

Ndine mwana wanu,
mzime wanu uja.