Kansalu Kosokedwa ka M'chitini Mwanu

Amayi anga, kaya mwadzuka bwanji uko muliko?

Ndine Esinati wanu. Kalata ino ndayiyamba katatu. Ziwiri ndang'amba chifukwa zilembo zimapendama, ndipo inu simunkakonda ntchito yokhotakhota. Ndakhala pakhonde, Tamanda wagona pamphasa pambali panga. Inde, Tamanda. Mimba ija munaisiya ya miyezi isanu inali ya mwana wamkazi, ndipo pano akukwawa. Makutu ndi anu enieni, aja oimirira.

Mpunga chaka chino tinakolola bwinoko, ngakhale mpheta zinatidyera mbali ya kumtsinje poti panalibe wokuwa ngati inu. Nyanja yabwerera, madzi afika paja munkayanika matemba. Achimwene a Yohane ali ku Songani, akugulitsa nsomba zouma, amabwera mwa apo ndi apo. Mbuzi yanu yoyera inaswa tiwiri, kamodzi kanafa. Denga la khitchini likudonthabe. Izi ndalemba kuti musati sindinakuuzeni, koma chandikhazika pansi si chimenechi.

Ndi kachitini kanu kaja, ka mkaka, kamene munkasunga kunsi kwa bedi n'kumakatcha mboni zanu. Mulungu akatiwolotsa pa vuto, munkatola kanthu pamalo pomwepo n'kuikamo. Munkati, "Ine, Esi, ndimaiwala msanga. Ndikakhuta lero, mawa ndiyamba kudandaula ngati sanandidyetsepo. Izi n'zondikumbutsa." Tsiku lomaliza la chaka munkayala chitenje, kutulutsa chimodzichimodzi, kunena nkhani yake, tonse n'kugwada.

Tamanda wadwala malungo kawiri mwezi uno, ndipo sabata yatha anakomoka. Tinathamanga naye kuchipatala pa njinga. Apongozi anabwera kuchokera kwa Kuntumanji kudzatithandiza, ndipo posesa m'nyumba anakapeza kachitiniko. Lachitatu, pobwera kuchipatala, ndinapeza zonse atakhuthulira m'lichero pabwalo, amayi oyandikana nafe atazungulira.

"Amake mwana, bwerani mudzaone chimene chikudya mdzukulu wanga," anatero apongozi. "Munthu wopemphera amasunga zigoba ndi misomali kunsi kwa bedi?"

Ndinafuna kuyankha, Amayi, koma mukundidziwa. Ndinangoyang'ana zala zakumapazi. Wina kumbuyo anaseka, amvekere, "Ofatsa omwewa, eti!"

Bambo a Tamanda si munthu woipa, kungoti ali ndi mantha. Anati, "Amake Tamanda, Lamulungu tikaweruka kutchalitchi akulu ampingo abwera kuno. Mudzawafotokozere chimodzichimodzi. Chikangopezeka chimodzi chopanda nkhani, zonse pamoto." Lamulungu lake ndi mawa.

Ndiye ndakhala ndikuyeserera ndekha kumunda, kulankhula ndi ziputu za mpunga. Tandimverani ngati ndikulakwitsa. Chigoba cha nkhono n'cha chaka chija nyanja inauma, pamene munayenda wapansi mpaka ku chilumba cha Chisi pamatope ong'aluka kukapempha chimanga kwa amalume, n'kubwera ndi thumba pamutu. Msomali wopindika ndi wa denga lathu limene linasasuka ndi mphepo tonse tili m'kati, osavulala ndi mmodzi yemwe. Kamwala kakuda munakatola pakhomo la tenti ya odwala kolera, tsiku limene a Yohane anatuluka akuyenda okha. Kachingwe ka ukonde n'ka malemu abambo, nthawi ija bwato linawagubuduza n'kupezeka amoyo atakakamira pamabango. Zinayi zimenezi ndikhoza kuzinena ngakhale munthu atandidzidzimutsa kutulo.

Koma pali kachisanu. Kansalu kobiriwira kaja, kosokedwa mbali zonse ndi ulusi wakuda ngati kapilo. Kameneko simunkakatsegula. Munkangokaika pachifuwa n'kukhala chete, ndipo ndikafunsa munkati, "Aka ndidzakuuza ukadzabereka, pano sungamve." Ndabereka, Amayi. Inu simulipo.

Apongozi anakanyamula ndi timitengo tiwiri, osafuna kukakhudza, n'kukaonetsa anthu. "Nanga ichi si chithumwa?" Mundikhululukire, koma ndiulule: inenso ndinayamba kukayika. Kamaoneka ngati chithumwa ndithu. Masiku atatu ndakhala ndikulowa ndi kutuluka m'nyumba, kukatenga, kukabwezera, kukatenganso. Ndimati nanga ndikatsegula n'kupezamo mizu, mapemphero onse aja anali chiyani? Nanga ngati mwana wanga akudwala chifukwa ine ndakakamira zinthu zanu?

Lero m'mawa ndinapita nako kwa amayi aang'ono a Feliya, mng'ono wanu. Sindinafune kutsegula ndekha. Ndinatenga lezala, n'kumadula ulusi pang'onopang'ono, ndikuwerenga paliponse pamene singano yanu inadutsa, kuti ndidzasoke mmene munasokera. Iwo amangondikalipira kuti, "Tafulumira iwe, ukusenda dzira kodi?"

M'katimo munali kachipewa koluka, kamene kale kanali koyera koma pano kada. Kakang'ono moti poyamba sindinadziwe kuti n'chipewa. Amayi aang'ono anangoti, "Mayo ine!" n'kukhala pansi padothi.

"Iwe Esi, sukukadziwa? N'kako aka. Unabadwira m'bwato, pakati pa Chisi ndi kumtunda kuno, mimba ili ya miyezi isanu ndi iwiri yokha. Ine ndinalimo. Mutu ngati ndimu, osalira n'komwe. Mwini bwato ankati tingobwerera, palibe cha kuchipatala apa. Amako anakuika pachifuwa, kukumanga ndi chitenje, n'kumukalipira bambo uja mpaka anapalasa ngati akuthawa mvuu. Kachipewaka anakaluka namwino wina, poti zonse za kuchipatalako zimakukulira. Ndiye lero akuti atenthe? Ayambe atentha ine."

Ndinkadziwa kuti ndinabadwa wochepa thupi, koma za bwato palibe anandiuzapo. Nditafika kunyumba ndinayesa kumuveka Tamanda. Sikanalowe. Kanangokwana pachibakera chake. Ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana kadzanjako. Pa njinga paja, mwana ali lende m'manja mwanga, mumtima ndinkati Mulungu anatisiya tsiku lija anakutengani. Sindinauze munthu aliyense zimenezi. Pano ndamva chifukwa chake munkangokaika pachifuwa osalankhula, ndiponso chifukwa chake munkati ndidikire.

Musaganize kuti mtima wakhazikika. Thupi la Tamanda limatenthabe pang'ono dzuwa likapendeka, ndipo mankhwala atsala a masiku awiri. Ndikungomugwiragwira pamphumi, ndi chifukwa chake mizere ina yakhota. Mawa pabwalo pano padzadza anthu, ngakhale osaitanidwa, ndipo ine sindinalankhulepo pamaso pa akulu chibadwire. Amayi aang'ono ati abwera kudzakhala pambali panga, koma ati sanditengera mawu. "Pakamwa ndi pako," atero. Kaya apongozi akhutira, kaya ayi, sindikudziwa. Nawonso ndikuwamvetsa, anataya ana awiri aang'ono, ndipo Tamanda akangotsokomola iwo amadumpha. Kansalu sindinakasokebe. Ndikufuna akaone ndi maso awo, akagwire ndi manja, osati ndi timitengo.

Pali chinanso chimene ndachita osakupemphani. Kuchipatala, atamuchotsa diripi Tamanda, ndinatola kapulasitala kamene anamumata padzanja n'kukamanga pamfundo ya chitenje changa. Sindinadziwe chifukwa chake, dzanja linangochita lokha. Lero ndakaika m'chitini mwanu. Mwina ndafulumira, poti sanachiriretu, ndipo inu munkaika zinthu vuto litadutsa. Koma anatsegula maso, Amayi. Anayamwa. Ngati ndidikira kuti zonse zithe, ndikuopa kuti ndiiwala tsiku limenelo monga ndinaiwalira zina zonse pa njinga paja. Ndiye mboni zilipo zisanu ndi imodzi tsopano, ndipo yomalizayo nkhani yake palibe angandiphunzitse.

Ndikukulonjezani kuti mawa sindiyang'ana zala zakumapazi. Ndiyala chitenje chanu chija, ndiyamba ndi chigoba monga munkayambira inu. Mawu akandithawa pakati, ndingokweza kachipewako n'kuwauza kuti mutu umene unalowa umu ndi uno mukuuonawu.

Mwana wadzuka, akulira. Ndamugwira pamphumi, pazizira.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati