Ndinangoti Ndimaziona

Lachiwiri, 4 Juni

Ambuye, anditenga. Uthenga wafika pafoni ndili pakati pojambula ziphaso za ana asukulu pamakina a fotokope. Tsamba limodzi ndalijambula kangapo, abwana mpaka kufunsa ngati ndadwala.

Ndi mpikisano uja wa nkhani zopeka za m'tsogolo ndi za maiko osaoneka. Chikalata chake anabwera kudzachulukitsa pashopu pano abambo ena andevu, ine n'kutumiza nkhani yanga mobisa. Akuti Loweruka ndikawerenge pamaso pa anthu ku laibulale. Osankhidwa pamenepo apita kumzinda waukulu, kumaphunziro a alembi, sabata yathunthu, ulendo ndi pogona zonse kwa iwo.

Ine wa fomu folo. Ine wa kwaya.

Amuna anga, abambo a mapasa, aseka mpaka kutsokomola. Akuti iwo ankayesa ndikupeka nyimbo za Mulungu, kani ndikukhoma zombo mumlengalenga. Koma funso likundidya: kupeka nkhani si bodza kodi? Nyimbo ndimapeka, inde, koma nyimbo imanena zoona.

Loweruka, 8 Juni

Ndawerenga. Chipinda chodzaza, ena ataima pakati pa mashelefu. Abambo a mapasa anaulula kutchalitchi, ndiye amayi a kwaya anabwera, mzere wachitatu wonse, zikwama pamiyendo. Anatenganso mayi a makala, aneba athu, amene mtsikana wawo anapita kumzinda chaka chatha kukafuna ntchito n'kungoti zii.

Nkhani yanga: zaka mazana zikubwerazo, pamwamba pa mitambo pali chombo chachikulu chotola onse amene anachoka pakhomo osabwerera. Sanafe. Kungoti kumeneko nthawi imakwawa, tsiku limodzi ndi zaka zambiri kuno. Iwo akuyesa achoka dzulo. Amatsika mmodzimmodzi mvula ikagwa dzuwa likuwala.

Nditamaliza, andevu aja anafunsa kuti zimenezi ndimazitenga kuti. Wowerenga mnzanga anali atatchula mabuku ambirimbiri. Ine ndilibe ndi limodzi lomwe. Ndinangoti, "Ndimangoziona."

Mzere wachitatu wonse: "Ameni."

Anthu anaseka, nanenso ndinaseka. Chitsiru ine. Andisankha, tinyamuka pa 24.

Lamulungu, 9 Juni

Pakhomo la tchalitchi moni wa manja awiri, ngakhale kwa amayi amene anandiona ndikukwawa. Mayi otsogolera kwaya andichotsa kumbuyo kumene ndimaima, kundiika kutsogolo. Akuti Mulungu anabisa mneneri pafotokope. Ndati ndi nkhani chabe, mayi. Akuti eya, Ambuye nawonso ankalankhula m'mafanizo.

Nyimbo yoyamba mawu sanatuluke.

Lachitatu, 12 Juni

Mvula masana, dzuwa lili nganinganire. Sinachedwe, yongonyowetsa fumbi. Koma foni siinapume. Pawindo la shopu anthu kundisuzumira ngati ndine wa pa TV, abwana akuti bola akanabwera ndi zojambulitsa.

Mayi a makala anasiya matumba awo pamsewu, kuthamangira kudepoti ya mabasi. Akhala komweko mpaka dzuwa kulowa, kuyang'ana nkhope ya aliyense wotsika.

Pofika kunyumba, tambala womangidwa miyendo pakhonde. Wachokera kwa mayi ena, mwamuna wawo anasowa kalekale, akufuna ndiwaonere. Abambo a mapasa, ntchito inawathera ija, anali atanola kale mpeni. Akuti wantchito ayenera malipiro ake, si zili m'Baibulo? Ndam'bweza tambalayo ndekha. Sitinalankhulane.

Ndivomereze pano, poti pepala silikauza munthu: m'mawa mtsikana wa pasaluni atanditcha mtumiki, mumtima munakoma. Pang'ono pokha. Koma munakoma.

Lachisanu, 14 Juni



Mayi otsogolera kwaya abwera kudzajambulitsa nyimbo, n'kundiuza ngati nkhani yabwino. Loweruka lija lisanafike, apolisi akumzinda anaimbira mayi a makala. M'nyumba ya chisoni ya chipatala china muli thupi la mtsikana, lopanda mwini, msinkhu womwewo, chipsera cha moto pamkono. Akaone. Mwezi uno ukatha popanda wobwera, aliika m'manda pamodzi ndi ena osadziwika.

Mayi a makala anali atakonzeka kunyamuka Lolemba lapitali. Sanapite. Akuti akatani kumeneko, mwana ali m'chombo, amake mapasa anaona.

"Mwawapulumutsa ku ulendo wa misozi," atero mayi a kwaya, akundisisita dzanja.

Chipsera chimenecho ndikuchidziwa. Mwanayo ankandilerera mapasa ndikapita kukwaya.

Ndakasanza kuseri kwa shopu.

Lamulungu, 16 Juni

Nthawi ya maumboni ndinaimirira. Ndinanena zonse momveka: kulibe chombo, sindinalote, sindinamve mawu, ndinakhala patebulo ndi bolopeni n'kupeka. Kuti ndimaziona ndinkatanthauza m'mutu, monga telala amalionera diresi asanadule nsalu. Abusa anagwedeza mutu, anati ndanena bwino, mpingo usamale ndi zotengeka.

Kumbuyo wina n'kuti, "Mneneri weniweni amakana. Yona si anathawa?" Manja m'tchalitchi monse.

Ndikati zoona, akuti kudzichepetsa. Ndikakhala chete, akuti ndavomera. Ndipo amene ndinkafuna amve sanabwere n'komwe. Akuti anali kudepoti.

Lachinayi, 20 Juni

Ndafika pageti pa mayi a makala kangapo, n'kubwerera. Ndikanene chiyani? Kuti mayi, bwezani tulo timene ndinakupatsani?

Ndaimbira andevu kuti malo anga apatse wina. Poyamba anaseka, akuti iwo akhala akulemba mpaka imvi koma palibe anawabweretserapo tambala. Nditatchula za thupi analeka kuseka. Kenako akuti malowo sapereka kwa wina, ndiganize bwino.

Abambo a mapasa lero anditsukira mbale osawapempha. Akuti pita ukawauze, mwezi ukutha.

Loweruka, 22 Juni

Ndapita. Ndinawapeza pakhonde akulongedza makala m'timapepala, manja bii. Ndinagwada, ndinayamba za tchalitchi zija, za telala, za bolopeni. Anandisiya mpaka ndinamaliza, osadzutsa mutu.

"Amake mapasa, mumandiyesa mwana? Chombo chanji pamtambo? Ndinadziwa muli pakati powerenga."

Ndinafunsa, ndiye kudepoti kuja? Akuti nanga munthu akadikire kuti.

"Ndikapita kukavundukula nsalu ija n'kupeza ndi iye, ndiye kuti wafa. Ndikakhala pano, akuyesa wachoka dzulo."

Mawu anga omwe, m'kamwa mwawo. Ndinakhala pansi, n'kuyamba kuwathandiza kumanga timapepala. Tinamanga mpaka thumba linatha. Ndinawauza chimodzi chokha, kuti akamuika ndi osadziwika, sadzakhala ndi polirira, ndipo ngati si iye, ndiye akuzunzika ndi maliro a eni ake.

Pochoka anandifunsa kuti basi yanga ya zolembalembayo inyamuka liti. Ndati mkuja.

"Ndekha sindingalowemo. Mukalowe nane."

Mulungu wanga. Ine sindinaonepo mtembo wongosungidwa, wopanda bokosi, wopanda nyimbo.

Lolemba, 24 Juni

Pabenchi la chipatala, kuseri, kumene kulibe odwala. Fungo la mankhwala opopera pansi. M'basi mayi a makala sanadye kanthu, anangogwira chikwama, muli diresi la mwanayo la kutchalitchi. Akuti ngati ndi iye asapite wosavala, ngati si iye akalichapa n'kulisunga.

Maphunziro ayamba kale tsidya lina la mzinda. Andevu aimba, ndati ndibwera mawa, kapena mkuja, sindikudziwa. Masamba otsala a kabuku kano anali oti ndizilembamo zophunzira.

Wapolisi walowa ndi mapepala. Mayi akung'ung'udza nyimbo ya kwaya, mzere umodzi womwewo, kubwereza. Andigwira dzanja lamanzere mwamphamvu, mpaka zala zachita dzanzi, ndikulemba ndi linalo pabondo.

Ambuye, sindikudziwa chopempha. Ndikati asakhale iye, ndiye kuti ndi mwana wa mayi wina amene nayenso ali padepoti ina

Bambo wa nsapato zoyera watsegula chitseko cha nyumba ya chisoni. Akutikodola.