Tebulo la a Rowland

Lolemba, 7 Malichi 2016
Sabata yachisanu ndi chimodzi ku senta ya anthu olumala ku Bolton. A Rowland, zaka 52, salankhula. Ntchito yanga: kuwerenga kuti achoka kangati patebulo nthawi ya nkhomaliro. Akakhala mphindi zisanu ndimawapatsa kanyenyezi. Tinyenyezi tinayi, bisiketi. Poyamba ankachoka kasanu ndi kawiri, lero katatu. A Millicent, ondiyang'anira pa kafukufuku wa digiri yachiwiriyi, akuti girafu ya manambalawa ikutsika bwino.

Lachitatu, 9 Malichi
Liverpool, kalasi ya maphunziro a zaulumali. Ndaonetsa girafu. Constance, mnzanga wa ku Zambia woyenda pa njinga ya olumala, wangoti, "Nanga eni akewo unawafunsa ngati amafuna kukhalapo?" Ndati salankhula. Iye, "Kuimirirako si kulankhula?"

Sitima yobwerera inachedwa.

Lachinayi, 10 Malichi
Katatu.

Lachisanu, 11 Malichi
Lero ndalembanso nthawi yomwe achoka: 12:10, 12:25, 12:40. Maulendo onse atatu makina otsukira mbale anali atangoyamba kulira kuseri kwa khoma lomwe a Rowland amatsamira. Khutu lakumanzere amalitseka ndi phewa, lafiira. Ndiye kuti masabata onsewa akhala akupirira phokosolo chifukwa cha bisiketi yanga.

Lolemba, 14 Malichi
Ndawauza a Millicent za makinawo. Akuti kusuntha tebulo n'koyenera, koma manambala onse alowa m'madzi, ndiyambirenso, masabata asanu ndi atatu. Apo ayi ndimalize masabata awiri otsalawa, tebulo lisunthe pambuyo pake. "Zili kwa iwe, Asimenye."

Viza ikutha Seputembala. Ndawerengetsera m'basi. Mwina ndimaliza, mwina ayi.

Lachiwiri, 15 Malichi
Tebulo sindinalisunthe. Achoka kawiri. Ndawapatsa bisiketi.

Lachitatu, 16 Malichi
M'kalasi Constance anandisungira malo kutsogolo. Ndakhala kumbuyo.

Lachinayi, 17 Malichi
Ndalawirira, ndakoka tebulo ndekha mpaka pazenera. Nthawi ya nkhomaliro a Rowland alowa, aima pomwe panali tebulo paja, maso pansi. Kuzenerako sanapiteko. Anyamula mbale yawo, atuluka panja, akakhala pabenchi. Kunali kamvula kowaza.

Wowasamalira wandifunsa ngati akawabweze. Ndati asiyeni. Ndatenga jekete yawo ndi yanga n'kuwatsatira. Asendera pang'ono. Ndakhala.