Amayi, Lekani Kuopseza Kavalo Wanga

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji? Ndafunsa chifukwa munandilera kuti munthu amayamba ndi moni, koma musayese kuti ndabwera ndi mtima wabwino. Ndakwiya nanu, ndipo ndikulemba ndi diso limodzi, linalo latupa ngati la chule.

Za pamudzi ndi izi. Achemwali anga a Estere anachira, ndi mwana wamkazi, mphuno yake ndi yanu yomwe ija. Chinangwa chachita bwino, koma nandolo anagwa mbozi. Khofi wa Mzungu mwini munda uno anauma, tsopano anthu a thangata akubzala tiyi kuyambira kumtsinje mpaka m'tsinde mwa phiri. Atsibweni mwendo uja sunapole, pakamwa pokha ndi pamene pali moyo.

Ine ndidakali kukhola la akavalo, ntchito imene munandikankhirako inu nomwe, muli kunena kuti wosamala chiweto cha mwini sagona ndi njala. Akavalowo alipo awiri. Wamkulu timamutcha Chikasu, anabwera kuno ataphunzira kale. Vuto lake ndi matama: akaona chipika amachithamangira ngati anachigwetsa ndi iye, ndiye ndimachita kumubweza ndi chingwe kuti afike ndi mapazi oyenera. Wamng'ono ndi Kamphepo, ndipo ameneyu ndamuphunzitsa ndekha. Ndinayamba ndi nsungwi yogoneka pansi, iye akuyenda chabe, kenako chipika, kenako ngalande. Madzi ankawaopa, moti ndinkaima naye mumtsinje mpaka miyendo yanga kuchita dzanzi. Akakayika chinthu chatsopano timatsogoza Chikasu, iye n'kutsata pambuyo monga mwana atsata make. Sindinamukwapulepo, ndipo panalibe chimene anandikanira, mpaka tinafika kwa inu.

Izi simunazione, munali mutatseka kale maso. Ife obwera kuchokera kwa Apwitikizi tilibe manda a mitengo ikuluikulu ngati eni dziko, ndiye titakuikani ndinadzala nkhadze mozungulira mtumbira wanu kuti afisi ndi nguluwe asafukule. Ndinkaidulira bwinobwino, kulekeza m'chiuno, pamwamba posalala. Ndinkati ndi ulemu. Tsono Mzungu waitana anzake a m'minda ina kuti Loweruka adzapikisane kuthamangitsa akavalo m'tchire, kulumpha zipika, ngalande ndi mipanda. Poyenda kusankha njira anaona nkhadze ija, n'kunena kuti m'munda monse mulibe cholumpha chokongola chotero. Kavalo akalumpha mpandawo amatera pamtumbira penipeni.

Ndinawauza a kapitawo kuti m'menemo muli munthu. Anapita kunyumba yaikulu, n'kubwerako ndi yankho ili: “Akuti dziko ndi lawo, ndipo wakufa samva ziboda. Kamphepo akapanda kulumpha Loweruka, iwe ndi abale ako onse muphwasule nyumba.” Tiphwasule tipite kuti, Amayi? Tibwerere kuja tinathawa chikoti, ndi khanda loti mchombo sunagwe?

Chikasu analumpha osafunsa, Mzungu ali pamsana, ndipo chiboda chake chinalowa cha kumutu kwanu. Ndinayang'ana kumbali. Koma Kamphepo akafika pampandapo amaima nji, makutu kutsogolo, akufwenthera ngati waona nyalugwe. Tamutsogozera Chikasu, wakana. Ndamuyendetsa mozungulira kuti anunkhize, wakana. Dzulo anaima mwadzidzidzi, ine n'kudutsa pamwamba pa mutu wake kukagwera mu nkhadze momwemo, ndipo utomoni wake ndi umene wandiwononga disoli.

Pamudzi nkhani yatha kale. Atsibweni akuti, “Ndi mayi ako aima pamenepo, kavalo amaona zimene iwe suona,” ndipo akunena mokondwa ngati iwo sadzasamuka nawo. Achemwali sakundiyankha moni. Anauza amuna awo kuti mchimwene wawo wagulitsa make kwa nyama. Chikhalirecho chinangwa akudyacho chili panthaka ya Mzungu yemweyo, ndipo sindinamve wina akudzipereka kukalankhula naye.

Ine ndikukhulupirira kuti ndinudi. Ndimakudziwani. Mukaima pakhomo manja ali m'chiuno, ngakhale abambo ankabwerera kukagona kwa anzawo. Koma chikundiwawa n'chakuti ndinu nomwe munatitsogolera kudzapempha malo kuno. Ine nditadandaula za thangata munandidula pakamwa, muli, “Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.” Lero kwang'anima, inu mwayamba kulimbana ndi kavalo wosalakwa, amene ndavutika naye chiyambire ali woopa ngakhale chithunzithunzi chake. Makani amenewa munalekeranji kuwachita muli moyo, pamaso pa kapitawo? Munkagwada, n'kutiuza ifenso kuti tigwade. Tsopano poti inu simumvanso njala kapena mvula, mwapeza mphamvu, ndipo olipira ndi ife.

Musandiyese wopanda mtima. Ndikaganiza ziboda pamwamba panu chakudya chimandikanika. Koma mverani bwino. Mawa m'mawa ndibwera naye Kamphepo, wopanda chikoti, pang'onopang'ono monga ndichitira ndi cholumpha chatsopano. Chokanipo pampandapo. Pitani kumtsinje, pitani kukaona mdzukulu wanu, kulikonse kumene mizimu imapita, kanthawi kochepa chabe. Akalumpha mawa adzalumphanso Loweruka, ndipo Azunguwo akabalalika ndidzabwera ndi khasu ndi ufa, ndidzakwirire mabowo onse, ndiundenso mtumbira ndi manja anga. Nkhadzeyo ndidzaisiya ikule mpaka ipitirire denga, asadzaisirirenso munthu. Ili ndi lonjezo langa.

Koma mukaimanso pamenepo, mwapambana inu, ife tinyamula mphasa. Ndipo dziwani kuti tikachoka sipadzakhalanso wokusesererani. Mizere ya tiyi yafika kale pafupi, ndipo obzalawo sadziwa dzina lanu.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale lero mawuwa akutuluka movuta.

Ine mwana wanu,
Yotamu